KAFAYILO KAKANG'ONO KAMENE KANAIMIKA MAKAMPANI PA BWALO LA MILANDU

Pa misika ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi si cinthu cacilendo masiku ano kuona anyamata atatu kapena anai ataunjirira lamya imodzi ya m'manja, ali kusewera mpira kapena nkhonya za pa kanema. Makolo ambiri amangoziyesa zacibwana, osadziwa kuti ena mwa masewera amenewo ndi akulu msinkhu kupambana ana amene ali kuwasewerawo. Masewerawo sanapangidwire lamya iai. Anapangidwira makina a ku Japan amene mafakitale analeka kuwapanga zaka zambiri zapitazo.

Cimene cimatheketsa masewera akale kuyenda pa lamya kapena pa kompyuta ndi pulogalamu yochedwa emulator. Koma kawiri-kawiri mnyamata akaika pulogalamu yotere, imakana kuyamba nchito, ndipo imalemba mau akuti ifuna fayilo yochedwa BIOS. Fayilo imeneyi ndi yaing'ono, yocepa kuposa cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi lamya ya makono. Komabe kafayilo kameneka kanaimika makampani a ku Japan ndi a ku America pa bwalo la milandu, ndipo kufikira lero kali pakati pa mkangano wa mmene masewera akale angasungidwire kuti asafe pamodzi ndi makina ake.

NZERU ZOBADWA NAZO

Makina a masewera ndi kompyuta yaing'ono imene nchito yake ndi imodzi yokha. Munthu amawalumikiza ku wailesi ya kanema, naikamo cimbale kapena kabokosi ka masewera, nayamba kusewera. Citsanzo codziwika bwino ndi PlayStation, makina amene kampani ya Sony inayamba kugulitsa ku Japan pa 3 Disembala 1994, ndipo ku America ndi ku Ulaya m'caka ca 1995. Amene anatsogolera nchito yowapanga anali Bambo Ken Kutaragi. Pofika mu 2006, pamene Sony inaleka kuwapanga, makina oposa 100 miliyoni anali atagulidwa pa dziko lonse lapansi.

Munthu akayatsa PlayStation popanda kuikamo cimbale ciri conse, makinawo sangokhala duu. Amaonetsa dzina la Sony, amaliza kanyimbo kake, ndipo amatsegula tsamba losamalira makhadi osungiramo masewera ndi lina loimbira zimbale za nyimbo. Zonsezi zimacokera m'malangizo amene analembedwa ku fakitale m'kacipangizo kakuda komamatira m'kati mwa makinawo. Malangizo otere, amene safufutika ngakhale magetsi azime, akatswiri amawachula kuti firmware. Firmware imene imadzutsa makina ndi kuwathandiza kumvana ndi ziwalo zake imachedwa BIOS, dzina limene Bambo Gary Kildall wa ku America anayamba kuligwiritsa nchito mu 1975 pa makompyuta a nthawi imeneyo.

Kukula kwa fayilo amakuyesa ndi mabaiti, ndipo baiti imodzi ingafanizidwe ndi cilembo cimodzi. BIOS ya PlayStation iri ndi makilobaiti 512, ndiye kuti mabaiti 524,288. Cimbale cimodzi ca masewera cimatha kunyamula zinthu zoposa pamenepo kuwirikiza ka 1,000. Koma popanda BIOS cimbale conseco ciribe nchito.

Udindo wa BIOS ufanana ndi wa nduna pa bwalo la mfumu. Mlendo safika pamaso pa mfumu ndi kuyamba kulankhula yekha. Amatula mau ake kwa nduna, ndipo nduna ndiyo idziwa kumene mauwo ayenera kupita ndi mmene ayenera kunenedwera. Masewera nawonso akafuna kuwerenga cimbale, kusunga pa khadi pamene wosewera walekezera, kapena kudziwa batani limene lakanikizidwa, nthawi zambiri amapempha BIOS, ndipo iyo ndiyo imapereka pempholo ku ciwalo coyenera. Opanga masewera anawalemba ali ndi cikhulupiriro cakuti nduna imeneyi idzakhalapo masiku onse.

BIOS ya PlayStation sinali imodzi pa dziko lonse. Makina oyamba a ku Japan anali ndi nambala yakuti SCPH-1000, a ku America SCPH-1001, a ku Ulaya SCPH-1002, ndipo gulu liri lonse linali ndi BIOS yake. Cifukwa cimodzi cinali kusiyana kwa mawailesi a kanema. A ku Japan ndi ku America anali kuthwanimitsa cithunzi ka 60 pa sekondi, pamene a ku Ulaya, pamodzi ndi a muno m'Zambia, anali kutsata njira yochedwa PAL, ya ka 50. Cifukwa cina cinali ca malonda, pakuti Sony inaika cizindikiro cobisika pa zimbale kuti cimbale ca ku Japan cizikanidwa ndi makina a ku Ulaya. Kaamba ka ici, mafayilo amene anyamata amafuna-funa ali ndi maina onga SCPH1001.BIN. Dzinalo ndi nambala ya makina m'mene fayiloyo inakopedwa.

WOMASULIRA MAU

Ubongo wa kompyuta iri yonse umachedwa purosesa, ndipo mapurosesa a mitundu yosiyana samvana cinenero. Masewera a PlayStation analembedwera purosesa ya mtundu wa MIPS, pamene malamya ambiri a masiku ano ali ndi ya mtundu wa ARM. Emulator imagwira nchito ya womasulira mau wa m'khoti. Imamva lamulo liri lonse limene masewera apereka, nilitembenuzira m'cinenero ca lamya, ndipo imacita zimenezi kwa malamulo mamiliyoni ambiri pa sekondi imodzi. Imadziyesezanso kukhala ziwalo zina zonse za makina akalewo, monga cojambula zithunzi, coliza mau ndi cowerenga cimbale, kotero kuti masewerawo sazindikira kuti asamukira mudzi wina.

Koma masewera aja akaitana nduna yao, wina ayenera kubvomera. Apa olemba emulator ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuikamo BIOS yeni-yeni yokopedwa m'makina eni ake. Njirayi ndi yodalirika, popeza masewera amayankhidwa ndendende monga anazolowera. Emulator yochedwa PCSX2, imene imayendetsa masewera a PlayStation 2, imatsata njira imeneyi, ndipo olemba ake sagawa BIOS. Amauza munthu ali yense kuti akope ya m'makina amene iye mwini anagula.

Njira yaciwiri ndi kulemba malangizo atsopano oyankha mapempho onse monga mmene BIOS ikanayankhira, popanda kutengako mzere ngakhale umodzi wa zolemba za eni ake. Njirayi ndi yobvuta ndiponso yocedwa, ndipo pempho limodzi likaiwalika masewera ena amaima panjira. Emulator ya PPSSPP, imene acinyamata ambiri a kuno amaidziwa kaamba ka masewera a mpira, inatsata njira yaciwiriyi. Anaitulutsa ndi Bambo Henrik Rydgård wa ku Sweden mu 2012 kuti iziyendetsa masewera a makina a m'manja a Sony ochedwa PSP, ndipo sifuna BIOS iri yonse.

Nthawi zina kukopa firmware ndi nchito yofuna mtima wautali. Kamakina ka m'manja kochedwa Game Boy, kamene kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1989, kali ndi malangizo oyambira a mabaiti 256 cabe, osakwana mauthenga awiri odzaza a pa lamya. Malangizowo anabisidwa m'kati mweni-mweni mwa purosesa, ndipo akangotha kuonetsa dzina la Nintendo ndi kufufuza kabokosi ka masewera, amadzitsekera okha, kotero kuti palibe pulogalamu imene ingawawerenge. Anakhala cinsinsi zaka 14. Mu 2003 munthu wina wodziwika pa intaneti ndi dzina lakuti neviksti anasenda cikuto ca purosesayo, naijambula ndi galasi lokuza zinthu, nawerenga ndi maso timadontho 2,048, kamodzi-kamodzi. Akulu-akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MWINI WAKE NDANI?

Funso la umwini wa firmware linayamba kuweruzidwa ku America pa nkhani ya makompyuta wamba. Kampani ya Franklin inakopa malangizo a m'makompyuta a Apple II niwaika m'makompyuta ake ogulitsa. Poyankha mlandu inati zolembedwa m'kacipangizo, zimene munthu sangaziwerenge ndi maso, sizifanana ndi buku. Mu 1983 bwalo la apilo linakana maganizo amenewo, niligamula kuti lamulo loteteza zolemba za munthu limatetezanso malangizo a m'kacipangizo. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti kukopa firmware ya mwini ndi kuigulitsa popanda cilolezo ndi mlandu.

Makampani ena anapeza njira yosaswa lamulolo. Mu 1984 kampani ya Phoenix Technologies inatulutsa BIOS yogwira nchito mofanana ndi ya makompyuta a IBM. Poilemba inagawa nchito pawiri. Anthu ena anaphunzira BIOS ya IBM, nalemba cabe zimene imacita ikapemphedwa cakuti-cakuti. Malongosoledwe amenewo anaperekedwa kwa wolemba amene sanaonepo zolemba za IBM, ndipo iye analemba BIOS yatsopano kuyambira pa ciyambi. Lamulo limateteza mau amene munthu analemba, koma silimpatsa umwini wa nchito imene mauwo agwira. Munthu angathe kuona mmene nkhokwe ya mnansi wake inamangidwira namanga yake. Cimene saloledwa ndi kuzula nsici za mnansiyo.

Mu 1992 mfundo yofananayo inafika ku masewera, pamene bwalo la apilo la ku San Francisco linaweruza kuti kampani ya Accolade sinalakwe pomasula mapulogalamu a kampani ya Sega ndi colinga cophunzira mmene masewera ake angayendere pa makina a Genesis.

MLANDU WA SONY NDI CONNECTIX

Mlandu umene unakhudza emulator mwacindunji unabuka mu 1999. Connectix, kampani yaing'ono ya ku San Mateo m'cigawo ca California, inayamba mu 1998 kulemba pulogalamu yoyendetsa masewera a PlayStation pa makompyuta a Macintosh. Katswiri amene anali patsogolo pa nchitoyo anali Bambo Aaron Giles. Anchito a kampaniyo anagula PlayStation, natengamo malangizo a BIOS, nawakopera m'makompyuta ao. Kwa miyezi ingapo anali kupenyetsetsa mmene BIOS imayankhira pempho liri lonse, ndipo mbali zina anazimasula kuti aone za m'kati. Nchito iri mkati anapempha thandizo kwa Sony, koma Sony inakana. Potsiriza analemba BIOS yao-yao.

Pulogalamuyo, imene anaicha Virtual Game Station, inaonetsedwa mu Januwale 1999 pa cionetsero ca Macworld ku San Francisco, ndipo mtengo wake unali madola 49. Mweziwo usanathe, Sony inali itakasuma kale. Dandaulo lake lalikulu linali lakuti pa nthawi yophunzira ija anchito a Connectix anakopa BIOS yake nthawi zambiri-mbiri popanda cilolezo. Mu Epulo 1999 bwalo loyamba linamvera Sony, niliimitsa malonda a pulogalamuyo.

Connectix inacita apilo, ndipo pa 10 Febuluwale 2000 oweruza atatu anasintha ciweruzoco. Cigamulo cao cinalembedwa ndi Mai Mary Schroeder, ndipo cinatsamira pa mfundo zitatu. Coyamba, m'kati mwa BIOS muli njira zogwirira nchito zimene lamulo siliteteza, ndipo panalibe njira ina yoziphunzirira koma kukopa BIOS yonseyo ndi kuipenya ikugwira nchito. Caciwiri, pulogalamu imene inafika kwa ogula inalibe zolemba za Sony ngakhale pang'ono, pakuti kukopa kuja kunali kwa pa nthawi yophunzira yokha. Cacitatu, ngakhale Sony ikanataya ogula ena a makina ake, lamulo loteteza zolemba silipatsa kampani imodzi mphamvu yakuti ikhale yokha yopanga zipangizo zoyendetsa masewera. Sony inayesa kutengera nkhaniyo ku bwalo lalikulu kopambana la dziko la America, koma mu Okutobala 2000 bwalolo linakana kuimva.

Owerenga ayenera kuzindikira malire a cigamulo cimeneci. Oweruza analoleza kuphunzira BIOS ya mwini ndi kulemba ina yogwira nchito mofanana. Sanaloleze kugawa kapena kugulitsa BIOS ya Sony, ndipo sanaloleze kukopa masewera eni ake. N'cifukwa cake olemba ma emulator odziwika bwino amagawa pulogalamu yao kwaulere, koma fayilo ya BIOS saiikamo.

KUPAMBANA MLANDU, KUTAYA MALONDA

Kupambana kwa Connectix sikunakhalitse. Sony inali itasumanso milandu ina, ndipo mu 2001 makampani awiriwo anagwirizana kuti Sony igule Virtual Game Station. Itaigula, pulogalamuyo inacotsedwa pa msika, ndipo sinaonekenso.

Kampani ina yaing'ono yochedwa Bleem, imene mu 1999 inatulutsa emulator ya PlayStation ya pa makompyuta a Windows, inaona zowawa zoposa. Sony inalephera kuimitsa malonda ake, ndipo mu 2000 bwalo la apilo linailoleza kugwiritsa nchito zithunzi za masewera a Sony poyerekeza malonda ake ndi PlayStation. Koma ndalama zolipira maloya zinaifoola, kotero kuti mu Novembala 2001 inatseka zitseko zake.

Patapita zaka 17 kunacitika cinthu cimene anthu ambiri anadabwa naco. Mu Disembala 2018 Sony inatulutsa kamakina kochedwa PlayStation Classic, kokhala ndi masewera akale 20 m'kati mwake. Zinapezeka kuti masewerawo anali kuyenda pa emulator yochedwa PCSX ReARMed, yolembedwa ndi anthu odzipereka amene amagawa nchito yao kwaulere. Kampani imene inalimbana ndi ma emulator m'makhoti inadzapindula ndi thukuta la olemba ma emulator. Ndiponso firmware ya PlayStation 3 Sony imaiika poyera pa tsamba lake la pa intaneti kuti eni makina aziwakonzera, ndipo emulator yochedwa RPCS3 imagwiritsa nchito fayilo yomweyo.

MALOKO NDI MAKIYI

Makina a makono anasintha mkangano wonse. Masewera ndi firmware za masiku ano zimakhomedwa ndi maloko a masamu, kotero kuti munthu angakhale ndi fayilo yonse koma osatha kuiwerenga ngati alibe makiyi ake, amene ndi manambala acinsinsi obisidwa m'makina. Mu 1998 dziko la America linakhazikitsa lamulo lochedwa Digital Millennium Copyright Act, limene mbali yake ina imaletsa kuthyola maloko otere ndi kugawa zipangizo zowathyolera. Motero ngakhale emulator iribe zolemba za mwini makina, ingathe kuimbidwa mlandu wina, wa kutsegula loko.

Izi n'zimene zinagwera emulator yochedwa yuzu, imene inayamba mu 2018 kuyendetsa masewera a Nintendo Switch, makina amene anatuluka mu 2017. Pulogalamuyo inali kufuna makiyi okopedwa m'makina a Switch. Mu Febuluwale 2024 Nintendo inasumira kampani ya Tropic Haze, eni ake a yuzu. Mwa zina inadandaula kuti masewera ake ochedwa The Legend of Zelda: Tears of the Kingdom anakopedwa mwakuba nthawi zoposa 1 miliyoni asanayambe n'kugulitsidwa komwe mu Meyi 2023. Mu Marichi 2024 Tropic Haze inabvomera kulipira madola 2.4 miliyoni ndi kuthetsa yuzu, pamodzi ndi emulator yake ina yochedwa Citra. Popeza mbali ziwirizo zinagwirizana mlandu usanazengedwe, oweruza sanapereke cigamulo pa mfundo zake. Mu Okutobala caka comweco emulator ina ya Switch, yochedwa Ryujinx, nayonso inaleka nchito.

Kusiyana kwa milandu iwiriyi n'koonekera. Connectix inatuluka pa khoti iri ndi cigamulo cifukwa inalemba BIOS yake. Olemba yuzu analibe njira yolembera makiyi ao-ao, popeza loko limatseguka ndi kiyi wake yekha. 

MBEWU IKATHA M'NKHOKWE

Wina angafunse kuti n'cifukwa ninji anthu akulu-akulu amataya zaka zao pa zinthu zoseweretsa ana. Yankho liri m'kufooka kwa makina. Diso lowerenga cimbale limacita khungu pakapita zaka. Tizipangizo tina tosunga mphamvu ya magetsi timatupa ndi kudontha. Zimbale zimakandika, ndipo fumbi ndi kutentha zimafulumiza imfa ya zonsezi. PlayStation yoyamba inalekeka kupangidwa mu 2006, PlayStation 2 kuciyambi kwa 2013, ndipo caka ciri conse makina amoyo amacepera-cepera. Acikulire amene ali ndi zimbale za galamafoni m'sutikesi koma alibe makina oimbira adziwa bwino bvuto limeneli. Nyimbo zirimo, koma palibe amene angazimve.

Buku lakale munthu angathe kulitsegula ndi kuliwerenga patapita zaka 100. Masewera sakhala masewera kufikira atayendetsedwa, ndipo kuti ayendetsedwe pafunika makina ake, kapena emulator pamodzi ndi firmware yake. Ici n'cimene cinacititsa Bambo Nicola Salmoria wa ku Italy kuyamba mu 1997 nchito yochedwa MAME, imene colinga cake ndi kulemba mwatsatane-tsatane mmene makina akale a masewera amagwirira nchito asanatheretu. Anthu odzipereka a m'maiko ambiri ali kuipitiriza kufikira lero.

Kukula kwa bvutoli kunaonekera mu Julayi 2023, pamene mabungwe awiri a ku America, Video Game History Foundation ndi Software Preservation Network, anafalitsa zotsatira za kafuku-fuku wao. Anapeza kuti mwa masewera 100 ali onse amene anatuluka m'dzikolo caka ca 2010 cisanafike, 87 sanali kugulitsidwanso. Mabungwewo anapempha kuti nyumba zosungiramo mabuku ndi zinthu zakale ziloledwe kupatsa ophunzira mwai wosewera masewera otere ali kutali, kupyolera pa intaneti. Makampani a masewera anatsutsa poopa kuti anthu adzangosewera mwaulere, ndipo mu Okutobala 2024 ofesi ya boma yoyang'anira zaumwini wa zolemba inakana pempholo.

Mlimi adziwa kuti mbewu ya makolo ikatha m'nkhokwe zonse za m'mudzi, palibe sitolo imene ingaibweze. Makampani ali ndi zifukwa zao zomveka, pakuti anataya cuma cambiri popanga makina ndi masewera, ndipo kuba kumawapweteka. Koma kampani imabwezera pa msika masewera okhawo amene iona kuti adzabweretsa phindu. Otsala onse amakhala m'manja mwa anthu wamba amene anakopa firmware makina akali amoyo.

ZOYENERA KUDZIWA

Zigamulo zonse zimene zafotokozedwazi ndi za ku America, ndipo sizimanga makhoti a maiko ena. Muno m'Zambia lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 linaika mapulogalamu a kompyuta pa mndandanda wa zinthu zotetezedwa, pamodzi ndi mabuku ndi nyimbo. Firmware ndi pulogalamu ya kompyuta. Conco amene amagulitsa mafayilo a BIOS ndi masewera okopa pa msika azindikire kuti ali kugulitsa katundu wa mwini.

Makolo ndi acinyamata acenjerenso ndi akathyali. Masamba ambiri a pa intaneti amene amalonjeza BIOS yaulere amapereka mapulogalamu oipa, amene ena mwa iwo amaba manambala acinsinsi a m'lamya. BIOS ya PlayStation yoyamba ndi fayilo ya makilobaiti 512, ndipo si pulogalamu yoika m'lamya monga mapulogalamu ena. Fayilo imene dzina lake limathera ndi apk kapena exe si BIOS. Fayilo imene ipempha cilolezo cowerenga mauthenga, kapena nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya, ndi msampha. Ndipo munthu ali yense wonena kuti agulitsa BIOS ya PPSSPP ndi wonyenga, pakuti pulogalamu imeneyo sifuna BIOS.

Amene ali ndi makina akale m'nyumba asafulumire kuwataya ku dzala. Ngakhale diso lowerenga cimbale litafa, kacipangizo ka BIOS kawiri-kawiri kamakhala kakali kamoyo, ndipo amisiri amatha kukonza makinawo kapena kutengako ziwalo zopulumutsira ena. Awasunge pouma, kutali ndi fumbi ndi dzuwa, ndipo zimbale azibwezere m'zikuto zake.

Lamulo la ku America limateteza zolemba za kampani kwa zaka 95 kucokera pamene zinafalitsidwa. Ici citanthauza kuti BIOS ya PlayStation ya mu 1994 idzakhala ya Sony kufikira kumapeto kwa caka ca 2089. Mwana amene anali ndi zaka 10 pamene makinawo anatuluka adzakhala ndi zaka 105, ndipo n'zokaikitsa ngati pa nthawiyo padzapezeka makina ambiri otha kuyaka. Ngati adzukulu ake adzaone masewera amene iye anakulira, cidzakhala cifukwa cakuti makampani, opanga malamulo ndi osunga zakale anapeza njira yomvana makinawo asanathe.